Sitima za malasha zodutsa ku Neno: kodi chuma cha ku Tete chimatsalira ndani?

Funso lachokera kwa bambo wina wa m'boma la Neno: "Kwathu ndi kufupi ndi njanji yochokera ku Moatize. Sitima za malasha zimadutsa usana ndi usiku, mabogi ake osatha kuwerenga. Mng'ono wanga wamaliza maphunziro a umakaniko ndipo wakakamira zopita ku Tete, akuti ndalama zili kumeneko chifukwa kuli migodi ndi damu la Cahora Bassa. Kodi chigawo chimenechi n'cholemeradi monga momwe sitimazi zikuonetsera? Chuma chake chagona pati kwenikweni?"

Zikomo bambo chifukwa cha funsoli. Ndiyambe ndi yankho lalifupi, kenako nditambasule. Chuma chotuluka m'chigawo cha Tete n'chochuluka zedi, koma chotsalamo n'chochepa. Pafupifupi zinthu zonse zikuluzikulu zomwe zidamangidwa kumeneko, njanji, damu, nthambo za magetsi ngakhale milatho, adazimanga kuti zizitulutsa katundu kupita naye kutali. Ndipo pa malonda a malasha, chomwe chimalamula phindu ndi mtunda wa pakati pa mgodi ndi nyanja yamchere. Mtunda umenewu ndi womwe udagwetsa makampani awiri akuluakulu pa dziko lonse, ndipo ndi womwewo udabweretsa njanji kufupi ndi munda wanu.

Tete ndi chigawo chachikulu cha dziko la Mozambique, pafupifupi masikweya kilomita 100,000, kuposa mtunda wonse wa Malawi mukachotsapo nyanja. Koma kalembera wa mu 2017 adapezako anthu ongopitirira pang'ono 2.6 miliyoni, pomwe ife kuno chaka chotsatiracho tidali 17.5 miliyoni. Chigawochi chidachita malire ndi Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo chilibe gombe. Mtsinje wa Zambezi udachidula pakati. Kumtunda, m'maboma a Angónia, Tsangano ndi Macanga, kumazizira, mvula imagwa bwino, ndipo anthu ake ndi abale athu enieni, Achewa ndi Angoni olankhula chinenero chathu chomwechi. Kuchigwa, kufupi ndi mtsinje ndi kummwera kwake, n'kotentha koopsa, kwa malambe, masau ndi mbuzi, ndipo chomwe chimamveka kwambiri ndi Chinyungwe. Malasha ali kuchigwa kotenthako, ku Moatize, makilomita pafupifupi 20 kuchokera mu mzinda wa Tete.

Malashawa si achilendo. David Livingstone adawaona kufupi ndi Tete m'zaka za m'ma 1850. Apwitikizi adakumba migodi yapansi, ndipo mu 1949 adafikitsa njanji ku Moatize kuchokera ku Dona Ana, komwe kuli mlatho wautali uja wa pa Zambezi womwe udatha mu 1935. Dziko la Mozambique litalandira ufulu mu 1975, kudachitika ngozi zoopsa m'migodi ya Chipanga mu 1976 ndi 1977, pomwe mpweya udaphulika pansi ndi kupha anthu ambiri. Boma lidatenga migodiyo pansi pa kampani yake ya Carbomoc, mothandizidwa ndi akatswiri a ku East Germany. Kenako nkhondo ya Frelimo ndi Renamo idaononga njanji ya Sena m'zaka za m'ma 1980, ndipo ntchito idazilala. Malasha sadathe pansipo, koma padalibenso chowanyamulira kupita kudoko la Beira.

Zinthu zidasintha mu 2004, pomwe kampani ya ku Brazil yomwe pano timaidziwa kuti Vale idapambana mpikisano wa malo a Moatize polipira madola 122.8 miliyoni. Nthawi imeneyo dziko la China linkamanga mizinda mothamanga ndipo linkameza zitsulo zosaneneka. Apa pafunika kudziwa kuti malasha alipo a mitundu iwiri pa msika. Ena ndi ootcha popanga magetsi kapena simenti, ndipo mtengo wake ndi wotsika. Ena ndi amene amawaphika kaye kenako n'kuwathira m'ng'anjo zosungunulira chitsulo, ndipo awa ndiwo a ndalama. Moatize idatchuka chifukwa cha mtundu wachiwiriwu. Pomwe Vale inkatumiza malasha ake oyamba kudzera ku Beira mu 2011, tani imodzi ya malasha a zitsulo idali itafikapo pa madola pafupifupi 330 chaka chomwecho, chifukwa madzi osefukira adali atamiza migodi ya ku Queensland ku Australia. Aliyense ankawerengetsa phindu lake pa mtengo umenewo.

Koma malasha a ku Moatize ali ndi chilema chake: amatuluka ndi phulusa ndi miyala yambiri. Asadakwere sitima amayenera kuphwanyidwa ndi kutsukidwa m'makina akuluakulu, ndipo pa zomwe zakumbidwa, gawo lalikulu limasanduka zotaya. Pa zotsalazo, si onse omwe amakhala a zitsulo. Ena amatuluka a mtengo wotsika aja. Mitengo ikagwa pa msika wa dziko lonse, malasha otsikawa sakwanitsa n'komwe kulipira ulendo wawo wa ku doko, ndiye amangounjikidwa milu pamgodi. Amene adadutsapo pa msewu wa ku Moatize adaiona milu yakudayi, ina yotalika kuposa nyumba zosanja.

Nkhani ya Rio Tinto ndiyo imaonetsa bwino kwambiri zomwe ndikunenazi. Mu 2011 kampaniyi idagula Riversdale, kampani ya ku Australia yomwe idali ndi mgodi wa Benga pafupi ndi Tete, pa madola pafupifupi 3.7 biliyoni. Maso awo adali pa mtsinje. Ankafuna kumakweza malasha m'mabwato akuluakulu ndi kutsika nawo pa Zambezi mpaka kunyanja, njira yotsika mtengo kwambiri kuposa njanji. Boma la Mozambique lidakana, ponena kuti kukumba mtsinje kuti mabwato azidutsa kungaononge chilengedwe. Nthawi yomweyo zidaoneka kuti malasha a zitsulo omwe angatuluke pamalopo ndi ochepa kusiyana ndi momwe ankaganizira. Mu Januwale 2013 Rio Tinto idalengeza kuti yafufuta madola pafupifupi 3 biliyoni pa mtengo wa katundu wake wa ku Mozambique, ndipo mkulu wa kampaniyo, Tom Albanese, adachoka pa udindo. Mu 2014 adagulitsa zonse kwa gulu la makampani a boma la India lotchedwa ICVL pa madola 50 miliyoni basi. Werenganinso manambala awiriwo, wogulira ndi wogulitsira. Malasha adali omwewo, pamalo omwewo. Chomwe chidasowa ndi njira.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangodalira njanji ya ku Beira, poti ndi yaifupi, makilomita pafupifupi 575. Njanjiyi idakonzedwa mochedwa, ndipo poyamba inkatha kunyamula matani ongopitirira pang'ono 6 miliyoni pachaka, oti makampani onse agawane. Kumayambiriro kwa 2013 mvula idakokolola mbali ina ya njanjiyo ndipo malasha adaima kwa masabata angapo. Mu 2016, mkangano wa boma ndi Renamo utabukanso, sitima za malasha zidaomberedwa panjira. Inu a ku Neno mukukumbuka nthawi imeneyo, chifukwa ndi pomwe anthu oposa 10,000 ochokera ku Tete adathawira ku Kapise m'boma la Mwanza, ena n'kusamutsidwira ku Luwani kwanu komweko. Doko la Beira nalo ndi losaya, limafuna kukumbidwa mchenga nthawi ndi nthawi, ndipo sitima zapamadzi zikuluzikulu kwambiri sizikocheza.

Ku Nacala kuli doko lakuya mwachilengedwe, limodzi mwa akuya kwambiri ku gombe la kummawa kwa Africa. Vuto lake n'lakuti pakati pa Moatize ndi Nacala padagona Malawi. Kuzungulira kummwera kukadatalikitsa ulendo kwambiri, choncho Vale idagwirizana ndi boma la Malawi kumapeto kwa 2011 kuti ingodula pakati. Adamanga njanji yatsopano ya makilomita oposa 130 kuchokera kumalire a ku Chikwawa, kudutsa Mwanza ndi Neno mpaka ku Nkaya m'boma la Balaka, n'kukonzanso yakale yochokera ku Nkaya kudzera ku Liwonde kukafika ku Nayuchi. Ulendo wonse kuchokera pamgodi kukafika padoko latsopano la Nacala-a-Velha ndi makilomita 912. Njanji ndi doko pamodzi zidadya madola oposa 4 biliyoni, ndipo adazitsegulira mwamwambo mu Meyi 2017. Adazikonza kuti zizinyamula matani 18 miliyoni a malasha pachaka.

Apa ndi pomwe masamu ake adavutira. Ngongole ya njanji siona kuti lero kwadutsa sitima zingati. Imafuna kubwezedwa basi. Zili ngati munthu wogula lole ya matani 30 pa ngongole koma n'kumapeza katundu wa matani 10: mafuta, dalaivala ndi banki onse amafuna zawo zonse. Mgodi udakulitsidwa kuti uzitulutsa matani 22 miliyoni pachaka, koma m'zaka zake zabwino, 2017 ndi 2018, Vale inkatulutsa ongopitirira 11 miliyoni, ndipo mu 2020 adatsika osafika 6 miliyoni. Mtengo nawo udali utagwa kale: pofika kumapeto kwa 2015 tani ija ya madola 330 inkagulidwa pa madola osafika 100. Opikisana nawo a ku Queensland ambiri amayenda makilomita 200 kapena 300 okha kukafika kudoko. Pa msika umodzimodzi, wa ku Moatize amafika atatopa kale.

Mu 2021 Vale idakweza manja. Idagula magawo a mnzake wa ku Japan, Mitsui, pa dola imodzi ya mgodi ndi dola imodzi ya njanji, n'kusenza yokha ngongole ya madola pafupifupi 2.5 biliyoni yomwe idatsala pa njanjiyo. Mu Disembala chaka chomwecho idalengeza kuti yagulitsa mgodi ndi njanji yomwe kwa Vulcan, kampani ya m'gulu la Jindal la ku India, pa madola 270 miliyoni, ndipo malondawo adatsirizika mu Epulo 2022. Chifukwa chomwe Vale idapereka pagulu n'chakuti ikufuna kusiya malasha kaamba ka kusintha kwa nyengo. Sindikutsutsa, koma ndimaona kuti ikadakhala ikupha makwacha kumeneko, sikadafulumira chotero. Mwayi udagwera ogulawo: nkhondo ya ku Ukraine itayamba, malasha a zitsulo adapitirira madola 600 pa tani mu Malichi 2022, ndipo chaka chimenecho dziko la Mozambique lidapeza madola oposa 2 biliyoni pa malasha.

Motero lero migodi ikuluikulu ya ku Tete ili m'manja mwa makampani a ku India: Vulcan ku Moatize, ICVL ku Benga, ndi Jindal ku Chirodzi, komwe adatsegula mu 2013. Kwa iwo masamu ndi osiyana. Adapeza katunduyo pa mtengo wogwa, alibe ngongole yomwe idatsamwitsa Vale, ndipo kwawo kuli ng'anjo za zitsulo zomwe zikufuna malasha amenewa tsiku ndi tsiku, pakuti India alibe malasha a zitsulo abwino okwanira. Ndiye musadabwe kuti sitima zikupitirira kudutsa ngakhale eni ake oyamba adaluza.

Tsopano pa zomwe zimatsala. Abale athu omwe ali ku South Africa amadziwa chigawo cha Mpumalanga, chomwenso chili kutali ndi nyanja ndipo chimakumba malasha. Kusiyana kwake n'kwakuti malasha ambiri a kumeneko amathera komweko: amaotchedwa m'nyumba zopangira magetsi za Eskom monga Kendal ndi Kusile, ena amasandutsidwa mafuta a galimoto ku Secunda. Mpweya wa kumeneko ndi woipa kwambiri, sindikukometsa, koma mozungulira migodi mudamera mafakitale, magalaja ndi matauni. Ku Tete pafupifupi malasha onse ogulitsidwa amakwera sitima. Mapulani omanga nyumba zamagetsi zoyendera malasha ku Moatize, ku Benga ndi ku Ncondezi adakambidwa kwa zaka zambiri, koma palibe idamangidwa. N'chimodzimodzi ndi ya kwanu ija ya pa Kam'mwamba, ya mamegawati 300, yomwe inkayenera kuotcha malasha a ku Moatize ndi ngongole yochokera ku China. Idali ikukokakoka kale, ndipo mtsogoleri wa China Xi Jinping atalengeza mu Seputembala 2021 kuti dziko lake silimanganso nyumba zamagetsi za malasha kunja, chiyembekezo chidacheperatu. Fakitale yosungunula chitsulo, ngakhale miyala ya chitsulo ilipo m'chigawomo, nayo idakali papepala.

Ntchito za pamgodi ndi zochepa kusiyana ndi kukula kwa dzenjelo. Migodi ya masiku ano ndi yapamtunda, yokumba ndi makina. Galimoto imodzi yonyamula dothi imasenza matani mazana angapo ndi dalaivala mmodzi. Olembedwa ntchito, kuphatikiza a makontirakitala, ndi masauzande angapo, m'chigawo cha anthu mamiliyoni. Msonkho wa pa malasha okumbidwa ndi 3 peresenti ya mtengo wake, ndipo umapita ku Maputo. Kuyambira mu 2013 lamulo lidati 2.75 peresenti ya msonkho umenewo izibwerera kumadera okhudzidwa ndi migodi. Onetsetsani: si 2.75 ya mtengo wa malasha, koma ya msonkho womwe ndi wochepa kale. Pa madola 100 aliwonse a malasha, mudzi umaona masenti 8. Mu 2022 adasintha lamulo kuti gawo lobwerera kuzigawo lifike 10 peresenti, zomwe zili bwinoko, koma muyeso wake ndi womwewo.

Ndipo pali omwe adalipira mgodiwu ndi minda yawo. Pakati pa 2009 ndi 2010 Vale idasamutsa mabanja 1,365. Omwe adawerengedwa kuti ndi a m'tauni adapita kudera la 25 de Setembro ku Moatize, pomwe alimi oposa mabanja 700 adawapititsa ku Cateme, makilomita pafupifupi 40 kuchokera komwe ankakhala. Adawamangira nyumba za simenti zofolera malata, zomwe pachithunzi zimaoneka chitukuko. Koma anthuwa adachoka m'mphepete mwa mtsinje wa Revúbuè, komwe ankalima madimba, kuwedza, kuumba njerwa ndi kugulitsa makala ndi ndiwo pa msika wa Moatize ulendo wapansi kapena wa njinga. Ku Cateme adapeza nthaka yamiyala, madzi ovuta, msika kutali. Adalonjezedwa mahekitala awiri banja lililonse, poyamba adalandira imodzi. Nyumba zambiri zidayamba kung'ambika makoma pasadathe nthawi. Mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme adakhala pa njanji kutseka sitima ya malasha, ndipo apolisi adawabalalitsa mwankhanza. Adadziwa bwino pomwe pamapweteka kampani. Chaka chomwecho boma lidakhazikitsa malamulo atsopano a kasamutsidwe ka anthu, ndipo mu 2013 bungwe la Human Rights Watch lidatulutsa lipoti lonena za Cateme ndi Mwaladzi, komwe kudapita osamutsidwa ndi mgodi wa Benga. Lipotilo lidaonetsanso kuti ziphaso za migodi, zovomerezedwa ndi zomwe zinkadikira, zidali zitaphimba pafupifupi 60 peresenti ya chigawo chonse.

Otsala pafupi ndi mgodi nawo ali ndi lawo. Mgodi udakula mpaka kufika m'mphepete mwa nyumba za m'tauni ya Moatize. Akaphulitsa miyala, fumbi lakuda limatera pa ufa woyanika pamkeka, pa zovala zapachingwe ndi m'ndowa za madzi. Mu Okutobala 2018 anthu a m'dera la Bagamoyo adalowa pamgodi ndi kuimitsa ntchito chifukwa cha fumbi lomwelo, ndipo madandaulo sadathe ngakhale mwini mgodi adasintha. Akuluakulu adati walira mvula walira matope, koma kuno olira mvula ndi ena, oponda matope ndi enanso.

Damu la Cahora Bassa, lomwe mng'ono wanu akulitchula, lili ndi mbiri yofanana. Apwitikizi adayamba kulimanga mu 1969 ndipo lidatha mu 1974. Lili ndi makina asanu a mamegawati 415 aliyense, onse pamodzi 2,075, kuchulukitsa kangapo magetsi onse omwe Malawi amapanga. Koma kuyambira pachiyambi kasitomala wake adali South Africa: nthambo zake zimayenda makilomita pafupifupi 1,400 kuchokera ku Songo, pafupi ndi damulo, mpaka ku siteshoni ya Apollo pafupi ndi Johannesburg, osapatuka panjira. Nthawi ya nkhondo nsanamira zake zidagwetsedwa mazanamazana, ndipo magetsi adayambanso kuyenda kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Dziko la Portugal lidagwirabe 82 peresenti ya kampani ya damuli, HCB, mpaka mu Novembala 2007, pomwe Mozambique adalipira madola 700 miliyoni n'kutenga 85 peresenti. Lero HCB ndi imodzi mwa makampani opindulitsa kwambiri boma, ndipo pa ichi ndimaona kuti damu lathandiza dziko kuposa malasha. Komabe gawo lalikulu la magetsi ake limagulitsidwabe kunja, ndipo midzi yambiri yomwe nthambozo zimadutsa pamwamba pake imagona mumdima.

Ife tikulowa pamzere womwewo wa ogula. Nthambo za makilomita 218 zochokera ku Matambo, pafupi ndi Tete, kukafika ku Phombeya ku Balaka, zidakonzedwa kuti Malawi ayambe ndi kugula mamegawati 50, komanso kuti alumikizane ndi magetsi a maiko ena a kummwera kwa Africa. Amene akukumbuka mdima womwe udadza namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022 akudziwa kufunika kwake. Kulinso damu lina lomwe likukonzedwa pa Mphanda Nkuwa, makilomita pafupifupi 60 kumunsi kwa Cahora Bassa, la mamegawati 1,500. Mgwirizano wake ndi makampani a EDF, TotalEnergies ndi Sumitomo udasainidwa mu Disembala 2023. Ngati lidzamangidwe, ntchito za zomangamanga zidzachuluka kwa zaka zingapo, ndipo nkhani ya kusamutsa anthu idzabukanso.

Misewu ndingoidutsa mwachangu, poti madalaivala athu amaidziwa kuposa ine. Tete ndi mphambano: wochokera ku Mwanza kudzera pa Zóbuè, wochokera ku Dedza kudzera pa Calómuè, wa ku Zambia kudzera pa Cassacatiza, onse amakumana pa Zambezi asadapatukire ku Beira kapena ku Nyamapanda pamalire a Zimbabwe. Kwa zaka 40 onsewa ankapanikizana pa mlatho umodzi wolendewera wa Samora Machel, womwe udatha mu 1973, ndipo pomwe unkakonzedwa mathiraki ankandanda mtunda wautali kudikira kuoloka. Mlatho wa Kassuende udatsegulidwa mu 2014 ndipo udachotsa mathiraki pakati pa mzinda. Koma namondwe Ana yemwe uja adagwetsa mlatho wa pa Revúbuè wolumikiza Tete ndi Moatize, zomwe zikuonetsa kuti zomangamanga zotumikira anthu wamba sizidalimbitsidwe monga ya malasha.

Nanga anthu ambiri a ku Tete amadya chiyani? Amadya khasu, monga ife. Kumtunda kwa Angónia ndi Tsangano ndi nkhokwe ya chimanga, nyemba, soya ndi mbatata ya kachewere. Pitani pa Lizulu kapena pa Tsangano tsiku la msika: msewu wa M1 ndiwo malire, matumba a kachewere ndi kabichi amaoloka pa njinga ndi pangolo, ndipo makwacha ndi mametikali zimayendera limodzi m'thumba la wogulitsa mmodzi. Fodya ndiye mbewu ya ndalama. Kampani ya Mozambique Leaf Tobacco idamanga fakitale yokonza fodya mu mzinda wa Tete chapakati pa zaka za m'ma 2000, ndipo imachita ulimi wa mgwirizano ndi alimi masauzande ambirimbiri, kuwakongoza mbewu ndi feteleza n'kudzawadula pogula. Mitengo amadandaula nayo monga alimi athu, koma pa kuchuluka kwa mabanja omwe amagwira ndalama m'manja, fodya amaposa malasha kutali. Pa nyanja ya Cahora Bassa pali usodzi wa kapenta, wogwidwa usiku ndi nyali, yemwe amakafika mpaka ku Zimbabwe ndi ku Zambia. Kuchigwa kuli ng'ombe ndi mbuzi, ndipo nyama ya mbuzi ya ku Tete ndi yotchuka mpaka ku Maputo. Uku ndiye kumene ndalama zimazungulira m'manja mwa anthu a m'chigawomo, ngakhale kulibe sitima yoti muione.

Mzinda wa Tete udalawako phindu la malasha, makamaka pakati pa 2008 ndi 2012. Mahotela adamera, mabanki adatsegula nthambi, ndege zochokera ku Johannesburg zinkatera pa Chingodzi zitadzaza, ndipo lendi ya nyumba idakwera mosayenera. Omwe adakongola ndalama n'kumanga malo ogona alendo chakumapeto kwa nyengo imeneyi adapsa nazo mitengo itagwa, makampani atachotsa anthu ntchito. Tauni yodalira mgodi imapuma ndi mtengo wa pa msika wa kunja, womwe palibe aliyense wa ku Tete angausinthe.

Kwa mng'ono wanu ndinganene izi. Umakaniko ndi luso loyenera kumeneko, makamaka ngati amadziwa makina akuluakulu a dizilo, mahaidiroliki kapena kuwotcherera. Koma asapite ndi maganizo oti akangofika pageti la mgodi alembedwa. Lamulo la ntchito ku Mozambique limaika malire pa chiwerengero cha alendo. Kampani yaikulu imaloledwa alendo 5 pa antchito 100 aliwonse popanda chilolezo chapadera, ndipo malo amenewo amapita kwa mainjiniya ndi mabwana. Achinyamata a komweko omwe adaphunzira ntchito zomwezi alipo ambiri ndipo akudikira. Chichewa chimuthandiza ku Ulónguè, ku Zóbuè ngakhale pamsika wa Moatize, koma pa ofesi, pa fomu ndi pa malangizo a chitetezo pamgodi ndi Chipwitikizi chokhachokha. Kulowa ndi chiphaso cha ulendo n'kuyamba ntchito ndi mlandu, ndipo wogwira ntchito mobisala akavulala kapena akamanidwa malipiro alibe kokadandaula. Akamva wina akuti amugulitse malo, adziwe kuti ku Mozambique nthaka yonse ndi ya boma. Chomwe munthu amakhala nacho ndi chilolezo choigwiritsa ntchito, chotchedwa DUAT.

Ndikadakhala ine, ndikadayang'ana kaye mbali ya kuno. Njanji yomweyo ili ndi makilomita oposa 200 m'dziko lathu, ndipo imafuna okonza mainjini, mabogi ndi njanji yeniyeniyo ku Nkaya, ku Liwonde ndi ku Limbe, komwe sakafunsidwa chilolezo cha ntchito. Mathiraki odutsa pa Mwanza ndi pa Dedza nawo amafa tsiku lililonse. Akapeza zaka ziwiri kapena zitatu pa makina otere, ndi makalata osonyeza zimenezo, n'kuphunzirako Chipwitikizi, adzapita ku Tete ngati munthu woitanidwa ndi kontirakitala, ndi mapepala ake m'manja.

Kwa Malawi yense, phindu lenileni la njanjiyi silili pa malasha odutsawo. Pamwamba pa matani 18 miliyoni aja, adasiya mpata wa matani ena pafupifupi 4 miliyoni a katundu wamba, ndipo feteleza, tirigu ndi mafuta zikabwera pa sitima kuchokera ku Nacala zimatsika mtengo kusiyana ndi pa thiraki. Mpata umenewu sitidaugwiritse ntchito mokwanira. Koma tidziwenso kuti ndalama zosamalira njanji ya makilomita 912 zimachokera ku malasha. Maiko ambiri akusiya malasha a magetsi, ndipo ngakhale a zitsulo atenga nthawi yaitali kuti asiyidwe chifukwa India akumangabe ng'anjo zatsopano, tsiku lina sitimazo zidzachepa. Boma la Malawi ndi la Mozambique akuyenera kuyamba pano kupezera njanjiyi katundu wina, monga mbewu za ku Angónia, miyala ya mtengo wapatali ya kuno ndi katundu wa ku Zambia wodzera ku Mchinji ndi Chipata, malasha adakalipo kuti azilipirira zokonza.